Kusonkhanitsa Mapositikhadi Akale a Zikondwerero: Kasankhidwe, Kayezedwe ndi Kasungidwe

Kuyambira cha m'ma 1900 mpaka pamene nkhondo yoyamba ya padziko lonse inabuka mu 1914, anthu a ku Ulaya ndi ku America ankafunirana mafuno abwino a Khirisimasi, Isitala ndi Chaka Chatsopano pa positikhadi. Munthu ankagula khadi, kulembapo mawu awiri atatu, kumata sitampa yotchipa, basi. Makhadiwo ankasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo olandira ankawasunga m'maalubamu oti alendo aziona. N'chifukwa chake alipobe ambirimbiri mpaka lero, ndipo ochuluka mwa iwo si odula. Kuwapeza sikuvuta. Ndalama za woyamba kumene zimalowa m'madzi pa zinthu ziwiri: kugula khadi lokopera dzana ngati lenileni la 1909, ndi kusunga khadi labwino pamalo poti liwonongeke. Zonsezi zimapeweka malinga muphunzire kuyang'ana khadi mwadongosolo, kuyambira kumbuyo kwake.

Choyamba, sankhani gawo limodzi

Musanagule ngakhale khadi limodzi, sankhani chikondwerero chimodzi, ngakhalenso kanthu kamodzi ka m'chikondwererocho. Wotola lililonse lomwe lamukongolera amadzaza bokosi msanga, koma mukamufunsa chimene akusowa kapena chimene ali nacho kawiri amangokanda mutu. Mukayang'ana makhadi a anapiye a Isitala mazana angapo, maso amazolowera, mumayamba kudziwa nokha kuti ili ndi lawamba, ili silionekaoneka.

Gawo lomwe mwasankha ndi lomwe lidzalamule thumba lanu. Makhadi a Isitala, a Chaka Chatsopano ndi a Khirisimasi opanda Santa Claus ndi ambiri ndipo ndi otsika mtengo. A Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala, ali m'gulu la odula kwambiri, chifukwa ankapangidwira makamaka msika wa ku United States ndi Canada, anali ochepa poyerekeza ndi a Khirisimasi, chonsecho owafuna lero ndi ambiri. Woyamba kumene asathamangire Halloween, poti ndi komwenso kwadzaza makhadi achinyengo. Ayambire pa Chaka Chatsopano kapena Isitala, kumene kuphonya sikupweteka kwambiri.

Mungathenso kutsata kampani imodzi yosindikiza kapena wojambula mmodzi. Makampani ambiri ankatulutsa makhadi m'magulu, kawirikawiri 6, pena 4 kapena 12, onse okhala ndi nambala imodzi ya gululo. Gulu lathunthu limafunidwa kuposa makhadi omwewo ali omwazikana, choncho nambalayo muziilemba.

Chachiwiri, zida

Sizambiri. Mufunika galasi laling'ono lokulitsa zinthu ka 10, rula ya mamilimita, tochi yaing'ono, pensulo yofewa ya 2B, kaburashi kofewa ngati ka ojambula ndi utoto, ndi timatumba ta pulasitiki tosungiramo makhadi. Tochi ya UV, ya kuwala kwapadera koulula zomwe maso paokha saona, njothandiza ndipo siidula. Magolovesi a thonje asiyeni: amachititsa zala kusamva bwino, ndipo amakola pangodya zomwe zayamba kale kuganamphuka. Sambani m'manja, pukutani mpaka muume, n'kumagwira khadi m'mbali.

Chachitatu, tembenuzani khadi

Chithunzi ndicho chimakopa, koma zaka za khadi, kampani yomwe inalipanga ndi dziko lomwe linasindikizidwa zimapezeka kumbuyo.

Onani kaye ngati pali mzere woimirira wogawa kumbuyoko pawiri. Positikhadi loyamba la boma linatuluka ku Austria-Hungary pa 1 Okutobala 1869, ndipo kwa zaka zoposa 30 lamulo linali lakuti mbali imodzi yonse ndi ya adiresi ndi sitampa basi. Uthenga unkalembedwa kutsogolo. Ndiye chifukwa chake makhadi oyambirira amakhala ndi kampata koyera pansi kapena pambali pa chithunzi, ndipo pena mumapeza mawu atapanikizana mozungulira chithunzicho. Mzere wogawa, woti uthenga ukhale kumanzere adiresi kumanja, unaloledwa ku Britain mu 1902, ku France mu 1904, ku Germany mu 1905, ndipo ku United States pa 1 Malichi 1907. Tsono khadi la kampani ya ku America lokhala ndi mzere silingakhale la 1903, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Koma khadi lopanda mzere likhoza kukhala ndi chidindo cha 1909, poti masitolo ankagulitsabe katundu wakale mpaka atatha.

Kenako werengani mawu a pamwamba. Khadi la ku United States lolembedwa "Private Mailing Card", lotchulanso lamulo la pa 19 Meyi 1898, ndi la pakati pa 1898 ndi 1901. Kuyambira kumapeto kwa 1901 makampani analoledwa kulemba "Post Card". Mukaona mawu akuti positikhadi atalembedwa m'zilankhulo zambiri motsatizana, dziwani kuti khadilo linasindikizidwa kuti ligulitsidwe m'mayiko osiyanasiyana.

Chidindo cha ku positi ofesi chimapusitsa ambiri. Deti lomwe lili pamenepo limangokuuzani kuti pa tsikulo khadi linalipo kale, osati kuti linasindikizidwa chaka chimenecho. Chidindo chikakhala chosaoneka bwino, sitampa imathandiza. Ku Britain masitampa a nkhope ya mfumu Edward VII anayamba mu 1902, a mfumu George V mu 1911, ndipo mtengo wotumizira positikhadi m'dzikomo unali theka la peni mpaka mu Juni 1918 pamene unakwera kufika pa peni imodzi. Ku United States unali senti imodzi, koma unakwera kufika pa masenti 2 kuyambira mu Novembala 1917 mpaka pakati pa 1919. Ngati khadi silinatumizidwe, yang'anani m'kabokosi ka sitampa, poti makampani ambiri ankalembamo mtengo wa nthawiyo.

Tsopano funani timawu ting'onoting'ono totchula kumene linasindikizidwa. Makhadi okongola kwambiri a zikondwerero, ngakhale a Chingelezi ogulitsidwa ku London kapena ku New York, ankasindikizidwa ku Germany, ndipo amalembedwa "Printed in Germany", "Printed in Saxony" kapena "Printed in Bavaria". Mu 1909 dziko la United States linakweza msonkho wa makhadi ochokera kunja kudzera m'lamulo la Payne-Aldrich, ndipo nkhondo ya 1914 inatsekeratu njirayo. Makhadi otsatira amakhala osalala, a mitundu yochepa, ambiri okhala ndi mkombero woyera, ndipo pang'onopang'ono anthu anasamukira ku makhadi opinda oika mu envelopu. Zina zimaulula khadi nthawi yomweyo: "W. Germany" sangakhalepo pa khadi lopangidwa chaka cha 1949 chisanafike, nambala ya ZIP, yosonyeza dera pa adiresi ya ku America, inayamba mu 1963, ndipo barcode kapena adiresi ya pa intaneti ndiye palibenso zokambirana.

Zizindikiro za makampani muziloweze. Raphael Tuck & Sons ya ku London imadziwika ndi kachithunzi ka choimikirapo chithunzi cha wojambula pamodzi ndi kathabwa kosakanizirapo utoto. Makhadi ake ambiri amanenanso kuti kampaniyo imasindikizira banja lachifumu: akatchula mfumukazi yokha ndiye kuti ndi a nthawi ya Victoria, yemwe anamwalira mu Januwale 1901, akatchula mfumu ndi mfumukazi ndi a pambuyo pake. Likulu la kampaniyi linapsa ndi mabomba pa 29 Disembala 1940 pamodzi ndi zolembedwa zake, moti mndandanda wa makhadi ake wachita kusonkhanitsidwa ndi okonda makhadi okha, ndipo waukulu uli pa intaneti pa TuckDB. Zilembo za PFB ndi za Paul Finkenrath wa ku Berlin, wodziwika ndi makhadi otumphuka kwambiri. Dzina la John Winsch limapezeka kutsogolo m'timalemba tating'ono pamodzi ndi chaka, kawirikawiri cha pakati pa 1910 ndi 1915. "Whitney Made" ndi kampani ya ku Worcester, Massachusetts.

Pali gulu lina la makhadi omwe ndi zithunzi zenizeni zojambulidwa ndi kamera n'kutsukidwa pa pepala lokhala ndi kumbuyo kwa positikhadi, monga ana ataima pafupi ndi mtengo wa Khirisimasi wa panyumba pawo. Pa amenewa kabokosi ka sitampa kamatchula mtundu wa pepalalo. Pa pepala la AZO, tizizindikiro ta makona atatu ta m'ngodya za kabokosiko tikaloza m'mwamba tonse tinayi ndi la cha pakati pa 1904 ndi 1918, tiwiri tikaloza m'mwamba tiwiri pansi ndi la cha pakati pa 1918 ndi 1930. Zaka zimenezi muzitenge moyerekeza, poti wojambula ankatha kusunga mapepala kwa nthawi yaitali.

Malizani ndi rula. Khadi la nthawi imeneyo limakhala pafupifupi masentimita 9 ndi 14. La 10.5 ndi 15 nthawi zambiri ndi latsopano. Likapereweranso ndi mamilimita awiri kapena atatu mbali imodzi, m'mphepete mwake muli mosalala moyera, ndiye kuti wina analidula kuti abise ngodya zoperepeseka.

Chachinayi, yang'anani kasindikizidwe

Makhadi ambiri a zikondwerero ankasindikizidwa ndi miyala yosalala, mtundu uliwonse mwala wakewake, ndipo khadi labwino linkadutsa pa miyala 8, 10 ngakhale kuposa apo. Ikani galasi lanu pa tsaya la mwana kapena pa mtambo wa pachithunzipo. Pa khadi lenileni mudzaona timadontho tosafanana kukula, tomwazikana mopanda mizere, ndi malo ena a utoto wokhathamira wopanda madontho konse. Pa khadi lokopera ndi makina a masiku ano mudzaona madontho a mitundu inayi yokha, buluu, pinki, chikasu ndi wakuda, atafola m'mizere yolongosoka ngati timabowo ta sefa. Lotuluka pa printa ya kunyumba limaonetsa timadontho tating'ono kwambiri towazika paliponse, ngakhale pamalo oyenera kukhala oyera.

Chenjerani pamenepa. Madontho ofola m'mizere pawokha sapereka mlandu, chifukwa njira imeneyo inalipo kale m'zaka zimenezo ndipo makhadi ena enieni anasindikizidwa choncho. Muphatikize ndi zizindikiro zina.

Zimitsani nyale ya m'chipinda, gonekani khadi pa tebulo, n'kuliunika ndi tochi kuchokera chammbali, pafupi ndi tebulolo. Khadi lotumphuka limaonetsa mapiri ndi zigwa zake, ndipo mukalitembenuza zomwezo zimaoneka zolowa m'kati. Lokopera limakhala ndi mithunzi ya kutumphukako koma chala sichimva kanthu. Golide wa pa khadi lakale ndi ufa wa chitsulo, amanyezimira mukalipendeketsa, pamene pa lokopera ndi utoto wachikasu woderako basi. Bwererani kumbuyo ndi galasi: achinyengo ena amakopera ndi kumbuyo komwe, moti mawanga, chidindo ndi zolemba za munthu zonse zimasweka kukhala madontho. Inki yeniyeni ya cholembera imakhala mzere umodzi wosaduka, wothima pena, wotuwa pena. Yang'ananinso m'mphepete. Khadi lakale ndi mapepala angapo omatidwa pamodzi, ndipo mtundu wake ndi woyera moderako.

Tochi ya UV imagwira ntchito mumdima. Kuyambira cha m'ma 1950 opanga mapepala anayamba kuthiramo mankhwala owalitsa, ndipo pepala lotere limawala mwabuluu kwambiri likaunikidwa. Khadi lomwe akuti ndi la 1910 likawala choncho, libwezeni. Koma likapanda kuwala musafulumire kukondwa, poti mapepala atsopano opanda mankhwalawo aliponso. Tochi yomweyi imaululanso pamene wina anadzoza utoto watsopano pangodya kapena kumata pong'ambika. Musayang'ane kuwala kwake mwachindunji.

Khadi lokopera lilibe vuto ngati likugulitsidwa ngati lokopera, pa mtengo wake.

Chachisanu, dziwani zimene zajambulidwa

Pa makhadi a Khirisimasi, mtengo umatsata Santa Claus. Asanakhazikike pa maonekedwe amodzi ankajambulidwa mosiyanasiyana: wochepa thupi, wovala mkanjo wautali wabuluu, wobiriwira, wabulawuni, wapepo kapena woyera, akuyenda wapansi m'chipale atanyamula kamtengo, pena ali ndi bulu, penanso ali ndi mtolo wa zikoti za ana osamvera. Mikanjo yosakhala yofiira ndiyo imafunidwa kwambiri. Mudzamva ena akunena kuti Santa wofiira anayamba ndi zotsatsa malonda za Coca-Cola za 1931, koma bokosi lililonse la makhadi a m'ma 1908 limatsutsa zimenezo, poti ofiira ndiwo ambiri m'menemo. Ofunidwanso ndi aja omuonetsa ali pa galimoto, m'ndege kapena akulankhula pa telefoni, zinthu zomwe zinali zachilendo pa nthawiyo. Ena ali ndi mkanjo wa nsalu ya silika yomatidwa. Osowa kwambiri ndi a hold-to-light, opangidwa ndi mapepala angapo, lapamwamba litabooledwa pa mawindo, makandulo ndi nyenyezi, kuti ukaliloza ku kuwala malo amenewo aziwala. Powayesa gwiritsani ntchito tochi yosatentha, osati kandulo kapena babu lamoto.

Ku Sweden, Jenny Nyström anajambula makhadi ambirimbiri a tomte, kamunthu kandevu ka chipewa chofiira. Ku Austria ndi mayiko oyandikana nako kuli Krampus, chilombo cha nyanga, lilime lalitali, maunyolo ndi dengu kumsana, chomwe chimaperekeza Nikolasi Woyera madzulo a pa 5 Disembala. Makhadi ake amalembedwa "Gruss vom Krampus" ndipo ambiri ndi ofiira. A Wiener Werkstätte, kampani ya amisiri ya ku Vienna, omwe ali ndi manambala, ndi odula ndipo amakoperedwa kwambiri, choncho agulidwe kwa wogulitsa wodalirika yekha.

Makhadi a Chaka Chatsopano adzaza ndi zizindikiro za mwayi za ku Ulaya: nkhumba, tsamba la clover la timasamba tinayi, chitsulo cha ku phazi la hatchi, bowa wofiira wa madontho oyera, munthu wosesa m'chumuni, matumba a ndalama, wotchi yoloza 12 koloko usiku, ndi nkhalamba ikupereka malo kwa khanda. Gawo labwino kwa woyamba ndi la makhadi omwe chithunzi chake ndi manambala a chakacho, opangidwa ndi maluwa, ana kapena nkhumba. Sakuvutitsani pa zaka, ndipo mumadziwa bwino lomwe chimene chikusowa, kaya ndi 1904 kaya 1911.

Pa Isitala pali mitundu iwiri, ya chipembedzo yokhala ndi mtanda, angelo, mwana wa nkhosa ndi maluwa oyera, ndi ina ya akalulu, anapiye ndi mazira. Nyama zovekedwa zovala, zikuchita za anthu monga kuimba zitoliro kapena kupalasa njinga, zimaposa mtengo kalulu wongokhala phee pafupi ndi dzira.

A Halloween amasunga miyambo yomwe ambiri anaiiwala. Pambali pa dzungu losemedwa nkhope, mphaka wakuda ndi mfiti, mumapeza mtsikana atagwira kandulo akuyang'ana pa kalilole pakati pa usiku kuti aone nkhope ya mwamuna wodzamukwatira, kapena akuponya khoko la apozi kumbuyo kuti lipange chilembo choyamba cha dzina lake. Mayina oti muwadziwe ndi Ellen Clapsaddle, wojambula ana a masaya onenepa, yemwe ankagwira ntchito ndi International Art Publishing Company, Frances Brundage, ndi Samuel Schmucker, yemwe anajambulira Winsch akazi okongola koma osasainira. Pa nkhani ya kusaina, khadi lokhala ndi siginecha ya wojambula pansi pa chithunzi limaposa losasainidwa. Wogulitsa akangonena kuti kajambulidwe kake kakufanana ndi ka Clapsaddle, lipirani mtengo wa khadi losasainidwa.

Palinso timagawo ting'onoting'ono tokoma: nkhukundembo za Thanksgiving (tsiku lothokoza la ku America), zeze ndi masamba obiriwira a tsiku la St Patrick, woyera wa ku Ireland, pa 17 Malichi, nsomba za pa 1 Epulo ku France, makhadi a Rosh Hashanah (Chaka Chatsopano cha Ayuda) omwe ankasindikizidwa ku Germany n'kugulitsidwa kwa Ayuda a ku New York, ndi a zaka za 1904, 1908 ndi 1912 zokhala ndi 29 Febuluwale, oonetsa akazi akufunsira amuna. Dziwiranitu kuti mukamafufuza m'mabokosi mudzakumananso ndi makhadi ojambula anthu akuda ndi mitundu ina monyoza. Analipo ambiri pa nthawiyo. Ena amawasunga ngati umboni wa mbiri, ena sawakhudza n'komwe, ndipo palibe chokukakamizani kuwagula kuti gulu likwane.

Chachisanu ndi chimodzi, yezani mmene khadi lilili

Ogulitsa amagwiritsa ntchito mawu awa, kuyambira pamwamba: Mint, Near Mint, Excellent, Very Good, Good, Fair. Palibe amene amawakakamiza kuti agwirizane pa tanthauzo lake, ndipo khadi la Good nthawi zambiri limakhala ndi mapindiko ndi ngodya zotha. Dziyezereni nokha. Pendeketsani khadi pa kuwala kuti muone mapindiko obisika. Onani ngodya zonse zinayi: timizere topingasa pangodya ndi zipsera za alubamu, ndipo n'zopiririka zikakhala zosazama. Funani mawanga abulawuni a chinyezi, malo opyapyala pomwe wina anamatula sitampa, zotsalira za pepala lakuda la alubamu, ndi inki ya chidindo yomwe yadetsa kutsogolo.

Khadi lolembedwa ndi kutumizidwa silinawonongeke ayi. Chidindo chooneka bwino cha pa 24 Disembala pa khadi la Khirisimasi chimaliwonjezera kukoma. Timasitampa ta Khirisimasi tothandizira odwala, tomwe tinayamba ku Denmark mu 1904 n'kufika ku United States mu 1907, timakweza mtengo ngati chidindo chagwira pa kasitampako ndi pa khadi pomwe, umboni woti sikanamatidwe pambuyo pake.

Pa khadi lawamba, dikirani labwino, lidzapezeka ndithu. Pa losowa, ngodya yotha ivomerezeni, koma pindiko lodutsa pankhope ya munthu wa pachithunzipo lidzakupwetekani m'maso nthawi zonse ndipo lidzavuta kugulitsa.

Chachisanu ndi chiwiri, kugula

Makhadi amapezeka kwa ogulitsa zinthu zakale, pa misika ya osonkhanitsa makhadi ndi masitampa, ndi pa intaneti monga pa eBay ndi Delcampe. Pa intaneti musagule musanaone zithunzi za mbali zonse ziwiri, ndipo wogulitsa wokana kuonetsa kumbuyo musiyeni. Pofuna kudziwa mtengo woyenera onani makhadi ofanana nalo omwe anagulidwa kale, osati omwe angoikidwa pa malonda, poti aliyense akhoza kutchula mtengo womwe walota. Funsani ngati amalola kubweza. Pemphani kuti khadi liikidwe m'kathumba, pakati pa makatoni awiri olimba, selotepi isakhudze khadilo. Kugula mtolo kapena alubamu yathunthu kumatsitsa mtengo wa khadi lililonse ndipo kumakupatsani ambiri ophunzirirapo, koma yembekezani kuti abwino kwambiri anachotsedwamo kale.

Chomaliza, kuyeretsa ndi kusunga

Khadi latsopano lisalowe m'bokosi tsiku lomwelo. Linunkhizeni. Ngati likumveka fungo la chinyezi, liikeni m'chidebe chotseka pamodzi ndi kambale ka soda wophikira kapena makala oyamwa fungo, osakhudzana, kwa milungu iwiri kapena itatu. Lomwe lachita chuku liumitseni kaye pamthunzi podutsa mpweya, kenako mulisese ndi kaburashi muli panja, mutavala chotseka pakamwa ndi mphuno, ndipo muzilisunga palokha.

Poyeretsa, kuchita zochepa ndiye bwino. Fumbi lichotseni ndi kaburashi. Mtengo womwe wogulitsa analemba ndi pensulo ufufuteni ndi labala yoyera yofewa, mukukhuta kuchokera m'kati kupita kumphepete, dzanja lina litapanikiza khadi kuti ngodya isapindike. Labala isafike pa golide, pa zonyezimira, pa silika, pa chithunzi cha kamera, pa khadi lokutidwa ndi zosalala zowala, kapena pa uthenga wolembedwa ndi pensulo. Madzi ayi: amasungunula guluu wogwira mapepala a khadi, amayendetsa inki, ndipo amasiya mzere wabulawuni pomwe anaumira. Simbi ayi. Khadi lopindika pang'ono lingagonekedwe pakati pa mapepala oyera pansi pa buku kwa milungu ingapo, koma lotumphuka musalitsendereze, mudzaliphwatalitsa.

Mukagula alubamu, jambulani tsamba lililonse musanachotse kanthu, chifukwa makhadi otumizidwa kwa munthu mmodzi amathandizana kuulula zaka. Pochotsa khadi lolowetsedwa m'timipata, tukulani pepala la alubamu, osapinda khadi. Ngati linamatidwa ndi guluu musalikoke. Dulani tsamba la alubamulo mozungulira, khadi likhale ndi chigamba chake kumbuyo, kusiyana n'kuti lisendeke.

Khadi lililonse likhale m'kathumba kake ka polypropylene, polyethylene kapena polyester. Pulasitiki yofewa ya PVC, ija yonunkha ndi yoterera ngati ili ndi mafuta, imatulutsa mankhwala omwe amamatirira ku inki, ndipo tsiku lina chithunzi chimatsalira pa pulasitikiyo. Makhadi a zonyezimira asalowe mu polyester, poti imakoka tizidutswato n'kutimatula. Amenewo aikeni mu envelopu ya pepala lopanda asidi. Malabala omangira, mapini ndi selotepi zisayandikire, ndipo kuchita laminate khadi ndi kulipha.

Imikani makhadi chogonera mbali yaitali m'bokosi la katoni yopanda asidi, mogawa ndi timakatoni tolembedwa. Asapanikizane moti kutulutsa limodzi kuchite kufuna mphamvu, asatayanenso moti n'kuyamba kuwerama. Bokosi likakhala losadzaza, tsekani mpata wotsalawo ndi katoni. Malo abwino ndi amdima, a kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21, chinyezi cha mumpweya cha maperesenti 30 mpaka 50. Chikapitirira 65 makhadi amayamba kuchita chuku. Kusinthasintha kwa chinyezi n'koipanso, chifukwa mapepala omatidwa aja amafufuma ndi kunyala mosiyana, khadi n'kupotoka. Choncho bokosi lisakhale pansi, lisatsamire khoma lakunja, lisakhale kudenga kapena pafupi ndi pophikira. Kumalo achinyezi, ikani bokosilo m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tosintha mtundu tikakhuta madzi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Timapaketito tikasintha mtundu, tiumitseni kapena ikani tina.

Lembani kaundula kuyambira pa khadi loyamba: nambala yanu, chikondwerero, kampani, nambala ya gulu, wojambula, deti la chidindo, zolakwika zake, kumene munagula ndi mtengo. Nambalayo ilembedwe pa kathumba, osati pa khadi. Chitani sikani mbali zonse ziwiri pa 600 dpi, kuti pofuna kuyerekeza ndi lomwe mwaona pa malonda musamangotulutsa lenilenilo.

Ngati mukufuna kukongoletsa khoma pa nyengo ya chikondwerero, sindikizani kope kuchokera pa sikaniyo n'kuika mu felemu. Kuwala kumazilalitsa utoto, makamaka wofiira ndi wapepo, ndipo ukazilala subwerera. Mukaumirira kupachika lenileni, ligwiridwe ndi timakona ta zithunzi popanda guluu, pakhale katoni yolitalikitsa ndi galasi, likhale kutali ndi windo, ndipo libwerere m'bokosi pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Tsegulani bokosi kawiri pa chaka ngakhale musakufunamo kanthu. Mukaona malo omwe pamwamba pa pepala padyedwa mosalongosoka, kapena timadontho takuda pansi pa bokosi, ndiye kuti njenjete kapena mphemvu zalowa. Musapopere mankhwala pa makhadi. Atulutseni onse, muwasese limodzilimodzi, sinthani bokosi, yeretsani shelefu, ndipo tcherani misampha yomata pafupi ndi pamalopo kuti muone ngati tizilomboto tatha.